Kodi Lamulungu timapita "kukadya kunja"?

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wandilembera kuti: "Aphunzitsi, mwezi ukatha ife timati tikatuluka mu tchalitchi Lamulungu timakwera kombi ndi ana kupita mtauni kukadya pa lesitilanti ina cha ku First Street. Nde ndinalemba pa gulu lathu la amayi pa WhatsApp kuti 'lero tikukadya kunja, Sande lanchi', apongozi anga anandidzudzula kuti chimenecho si Chichewa. Ine ndinabadwira konkuno, ndalakwitsa pati?"

Mayi, zikomo kwambiri, funso ili landisangalatsa zedi. Apongozi anuwo akunena zoona, koma ndikuganiza kuti inu mukuyesa kuti vuto ndi lanchi ndi lesitilanti. Ayi, amenewo ndi ang'onoang'ono. Vuto lenileni lili pa "kudya kunja".

Taganizani. Kunja m'Chichewa ndi pabwalo, kuseli kwa chitseko, kumene kuli dzuwa ndi nkhuku. Mukauza agogo kuti lero tidya kunja iwo akatenga mphasa nkukayala pansi pa mtengo wa mango, basi. Inu munali mkati mwa nyumba ya eni ake, pa mpando, tebulo loyalidwa nsalu, mtsikana atakubweretserani jagi ya madzi ofunda ndi beseni kuti musambe m'manja, nde kunja kwake kuti? Mau onse awiriwo ndi athu inde, kudya ndi lathu, kunja ndi lathu, koma kamangidwe kake ndi ka Chingerezi, ka "eat out", mwangochotsa mau achizungu nkuikamo athu. Komanso pali china chimene mwina apongozi anachita nacho manyazi kukuuzani pagulu. Ine ndikukula ndinkamva azimayi akuluakulu akamanong'onezana kuti "bambo aujeni masiku ano akudya kunja" sankanena za lesitilanti ayi, ankatanthauza kuti pali nyumba ina imene akumawaphikira. Nde mau otero kuwalemba pa gulu la amayi a tchalitchi, mpongozi aliyense angadzidzimuke.

Nenani chonchi: tikukadyera mtauni. Kapena tikukadyera ku lesitilanti. Ka -er- kameneko (kapena -ir-) ndi kamene kamanyamula malo, monga timati amagonera kumunda, amaphikira pa mbaula, ana amasewerera pa msewu. Chichewa chinali nayo kale njira yake yonenera zimenezi, sichinkadikira munthu.

Izi ndimazinena kawirikawiri ndipo ndizinenabe: mau obwereka sandiopsa ine. Supuni, tebulo, buledi, sopo, sitolo, tinabwereka kalekale ndipo palibe amene amadandaula. Lesitilanti lowani nayo, olo mulembe resitilanti, L ndi R kwa ife sizinayambe zakanganapo. Ena amakonda kuti "malo odyera", ndi zabwino, kungoti malo odyera ndi paliponse, ngakhale pa chiimirire pamene munthu amadya chipisi ataima m'mbali mwa msewu. Chimene chimadwalitsa chiyankhulo ndi kubwereka kaganizidwe, chifukwa icho chimalowa mwakachetechete mau ake akuoneka ngati athu.

"Sande lanchi" nayonso ili ndi matenda omwewo. Ife chinthu chimayamba, chofotokoza chimabwera pambuyo, nkhuku yowotcha, nsima ya mgaiwa, zovala za ku tchalitchi. Nde ngati mwaumirira lanchi, nenani lanchi ya Lamulungu, ndikulolani. Koma bwanji kusiya nkhomaliro? Tili ndi kadzutsa wa m'mawa, dzina lake likudzinenera lokha, kudzutsa. Ena amati mfisulo. Tili ndi mgonero, chakudya chogonera. Pakati pake pali nkhomaliro, ya masana anthu ataweruka kumunda dzuwa lili paliwombo. Nkhomaliro ya Lamulungu, tamvani mmene ikukomera mkamwa.

Lamulungu lenilenilo ndi chidule cha tsiku la Mulungu. Ndipo maina athu a masiku ali ndi mbiri ya ife tomwe a ku Harare kuno. Lolemba ndi tsiku lolemba anthu ntchito, Loweruka ndi loweruka ku ntchito. Anzathu a Chishona Loweruka amati Mugovera, tsiku logawa, logawira antchito phoso. Makolo athu amene anabwera kuchokera ku Nyasaland, ena nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, ena kale kwambiri akuyenda wapansi kudzera ku Tete, moyo wawo unkayendera masiku amenewa m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu. Kwawo ankati apita ku Halale, mzindawu ukutchedwabe Salisbury mpaka 1982, ndipo osabwererawo anatchedwa matchona. Ambiri a iwo anali makhukhi ndi mawetala, ankaphika ndi kuperekera nkhomaliro ya Lamulungu kwa mabwana, iwo osaloledwa kukhala pa tebulo lomwelo. Lero mdzukulu wawo akhala pansi pakati pa tauni nkuitanitsa chakudya ndi ndalama zake, ine ndimafuna achitchule ndi dzina lake lenileni. Sabata musamale nalo, limatanthauzanso mlungu wathunthu, komanso kwa a Seventh Day ndi Loweruka, mungasemphane masiku.

Pali kena kamene simunafunse koma ndikudziwa kamachitika pa tebulo lanulo. Wopereka chakudya akabwera mumati sadza, ndipo nkoyenera, iye ndi wa Chishona, mukati nsima angakuyang'aneni kawiri. Muuzeni sadza, mazondo, muriwo une dovi, palibe mlandu, tikukhala ndi anthu. Koma akatembenuka kupita kukhitchini, ana auzeni kuti ikubwera ndi nsima, mang'ina ndi masamba otendera, kungoti kuno amatendera ndi chiponde pamene kwathu timathira nsinjiro. Ndipo nkhuku ija pa menyu amailemba kuti road runner, yolimba mnofu msuzi wake wofiirira, ife timati ya chikuda.

Mau amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi ndiwo. Ndinamvapo mnyamata wina wobadwira ku Mabvuku akunena kuti wadya nsima ndi nyama popanda ndiwo, mtima unandiwawa. Iye watengera muriwo wa Chishona, amene anthu ambiri mtauni muno akamautchula amanena masamba. Kwa ife ndiwo ndi chilichonse chodyera nsima, nyama ndi ndiwo, usipa ndi ndiwo, nyemba, mazira, therere, ngakhale mchere wokha pa nthawi ya njala umasanduka ndiwo. Mwana akasokoneza pamenepa mukonzeni pomwepo, mbale ili patsogolo pake, mlozereni kuti iyi nsima, zonsezi ndiwo.

Ndipo musachite manyazi kuyankhula Chichewa mokweza pa malo ngati amenewo. Ndikudziwa ambiri a ife tinakula tikutsitsa mau tikafika mtauni poopa kutchedwa maina, tikangotsika kombi pa Copacabana kapena pa Market Square lilime limasintha lokha. Koma malamulo a dziko lino la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, pamodzi ndi Chishona ndi Chindebele. Lamulungu mtauni mumakhala bata, mashopu ambiri otseka, mabanja ali mu zovala za ku tchalitchi, ndi nthawi yabwino yoti ana amve mayi awo akuti "tadyani mwachangu nsima izizira" pakati pa Harare.

Mwezi uno ukatha lembani kuti: "Amayi anzanga, lero tikatuluka mu tchalitchi tikukadyera nkhomaliro mtauni." Ndipo apongoziwo muwatenge.