Kwa mayi a ku Salima amene afunsa za chimwemwe chimene chinawathawa

Sabata yathayi ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena amene amagulitsa usipa wouma pa Kamuzu Road ku Salima, ndipo anandilola kuwayankha poyera bola ndisatchule dzina lawo. Mawu awo anali akuti: "Ndimapemphera m'mawa ndi madzulo, ku Chigwirizano sindijomba, koma chithereni ntchito ya bambo a kunyumba, mpamba wanganso n'kuchepa, mtima wanga ndi wolemera ngati mphero. Anzanga amati Mkhristu weniweni sakhala ndi nkhope yakugwa. Kodi chikhulupiriro changa chinafa? Nanga ndingatani kuti ndikhalenso wachimwemwe ndi kukula mu uzimu pamene zinthu sizikusintha?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya kumtima kwanu. Ndiyambe ndi kuvomereza kuti katundu amene mwasenzayo ndi weniweni, si wa m'maganizo chabe ayi. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti mpamba umene kale unkadzaza ndowa zingapo ku doko lero ukubwerako ndi zochepa, pamene sopo, mchere, thiransipoti ndi fizi ya ana zikungokwera. Munthu amene akuwerenga ndalama zotere madzulo aliwonse, ndiye n'kumamuuza kuti amwetulire chifukwa Mkhristu sadandaula, akumusenzetsa mtolo wachiwiri pamwamba pa woyambawo, ndipo wachiwiriwo ndi umene umathyola khosi, chifukwa umamuchititsa kudziona wochimwa pa chinthu chimene si tchimo.

Anzanu aja ndi okoma mtima, koma pa mfundo iyi aphonya. Yesu analira pa manda a Lazaro ngakhale ankadziwa chimene anali pafupi kuchita. Masalmo ambiri ndi madandaulo a anthu amene ankafunsa Mulungu kuti adzawaiwala kufikira liti, ndipo madandaulo amenewo sanafufutidwe, anasungidwa kuti tiziwawerenga m'tchalitchi. Paulo analembera Afilipi za kukondwera ali m'ndende, ndipo m'kalata yomweyo ananena kuti kukhutira ndi zimene ali nazo anachita kuphunzira. Liwu limenelo la kuphunzira ndi limene ndikufuna mulisunge. Chinthu chophunzira chimatenga nthawi, chimafuna kubwereza, ndipo wophunzirayo amalakwitsa kambirimbiri asanachigwire. Chisangalalo chimabwera chokha usipa ukatha msanga pa benchi, ndipo chimachokanso chokha tsiku limene malonda avuta. Chimwemwe chimene mukufunsachi ndi china, ndipo chimakhala m'nyumba imodzi ndi misozi popanda kuthamangitsana.

Ine ndinakulira kuno ku Nkhotakota, kumene nsima yathu ndi kondowole, ndipo zimene ndikudziwa pa nkhani ya mtima wowawa ndinaziona koyamba kuseri kwa khitchini ya mayi anga. Chinangwa chimene timadyera nsima ndi chowawa chija, ndipo kuwawako ndi chizindikiro cha poizoni amene ali m'kati mwake. Mayi ankachikumba m'mawa, n'kuchisenda, n'kuchiviika m'mitsuko ikuluikulu ya madzi, kenaka n'kuchisiya masiku atatu kapena anayi. Ine ndili mwana ndinkapita kukasuzumira tsiku lililonse ndipo sindinkaona chosintha, kupatula thovu pamwamba ndi fungo limene alendo ochokera ku Lilongwe ankatseka nalo mphuno. Tsiku lina njala itandikola ndinawafunsa chifukwa chimene sitingachivuulire lero lomwe, ndipo iwo sanandiyankhe ndi mawu, anangotola chidutswa chimodzi n'kundipatsa kuti ndichifinye. Chinali chidakali cholimba pakati. Pamene anadzachivuula, chinali chofewa chongonyenyeka m'manja, ndipo anachifinya, kuchiyanika pa thandala, kuchisinja mu mtondo ndi kuchisefa. Aliyense kwathu kuno amadziwa chimene chimachitikira banja lovuula msanga: chizungulire, kusanza, nthawi zina zoposa pamenepo.

Kuwawa kwa mumtima kumachokanso chimodzimodzi. Simungakuchotse poukana, monga momwe simungachotsere poizoni wa chinangwa pochitcha dzina lakuti mbatata. Masiku amene mukupemphera osamva kanthu, mukuimba nyimbo pakamwa pokha mtima uli kwina, ndi masiku a mu mtsuko, ndipo ine sindiwawerenga ngati umboni wakuti chikhulupiriro chanu chinafa. Munthu amene chikhulupiriro chake chinafa salemba kalata yofunsa funso ngati lanuli, amangosiya mwakachetechete.

Tsono madzi oviikamo mtimawo ndi ati? Choyamba chimene ndingatchule ndinachiphunzira kwa anansi anga a Chisilamu, pakuti kuno mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana ndipo pa maliro timakhala pa mphasa imodzi. Iwo amaswali kasanu pa tsiku, ndipo kuitana koyamba kumamveka kusanache. Sadikira kuti mtima ufune kupemphera. Nthawi ikakwana amasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, n'kuima, kaya usiku wathawo anagwira nsomba kaya anabwerako ndi ukonde wopanda kanthu. Ife ambiri timapemphera motsata nyengo ya mumtima, ndiye mtima ukagwa pempheronso limagwa nawo, pa nthawi yomwe tikulifunitsitsa. Inu mwanena kuti m'mawa ndi madzulo simulephera, choncho mbali imeneyi muli nayo kale, ndipo ndikungokupemphani kuti musaipeputse. Chimene ndingawonjezere n'chakuti m'pempherolo muzinena zoona. Ngati mwatopa, nenani kuti mwatopa. Ngati mwakwiya ndi mmene zinthu zayendera, nenaninso zimenezo, m'Chichewa chomwe mumayankhula ndi mchemwali wanu, osati m'mawu okuluwika a pa guwa.

Kuyamika nakonso kuli ndi kachitidwe kake. Mawu akuti "tikuthokozani pa zonse zimene mwatichitira" ndi abwino, koma chifukwa timawanena tsiku lililonse, afika posalala ngati mwala wa m'mphepete mwa nyanja, sagwiranso mtima. Yesani kutchula zinthu ndi mayina ake musanagone, zitatu zokha: kuti kasitomala amene anatenga usipa pa ngongole mwezi watha wabweza, kuti mwana amene ankatsokomola wagona bwino, kuti mphepo inawomba masana dzuwa la ku Salima litafika poswa mtengo. Masiku oyamba mudzaona ngati masewera a ana, ndipo ine ndemwe ndinkaona choncho. Koma maso amaphunzira kufunafuna chimene akudziwa kuti madzulo adzafunsidwa, ndipo pakapita milungu mudzazindikira kuti mwayamba kuona zinthu zimenezi masana, zikuchitika, m'malo mozikumbukira usiku. Mavuto sachepa chifukwa cha zimenezi, koma amasiya kukhala chinthu chokhacho chimene chili m'chipindamo.

Pali wakuba wina amene ndikukayikira kuti amalowa m'nyumba mwanu kudzera pa foni. Pa WhatsApp ndi pa Facebook anthu amaika tsiku lawo labwino lokha: chitenje chatsopano, nyumba ya malata, umboni wakuti atapemphera sabata imodzi ntchito inapezeka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ananena zimenezi mafoni kulibe. Mukamayerekeza m'kati mwa moyo wanu, mmene mumadziwa nyerere iliyonse, ndi khungu la moyo wa mnzanu, nthawi zonse mudzagonja. Pamenepa ndinenepo mosabisa za alaliki ena amene amaphunzitsa kuti umphawi ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa, n'kumauza amayi a geni kuti abzale "mbewu" ya ndalama kuti zitseko zitseguke. Mayi, mpamba wanu ndi khasu lanu, ndipo mlimi sapereka khasu kuti mvula igwe. Perekani chopereka monga mtima wanu ndi thumba lanu zikulolera, koma munthu wogulitsa chimwemwe pa mtengo muzimulambalala.

Kwanu komweko ku Salima kuli phunziro lina limene ine ndimalilemekeza kwambiri. Pa chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira, asodzi akhala akutsata malamulo a makolo kuyambira zaka za m'ma 1950: nyengo ya dzinja usodzi umatsekedwa, anthu amachoka pa chilumbapo kwa miyezi ingapo kuti nsomba ziswane, ndipo akabwerera, mowa ndi juga siziloledwa kumeneko. Chifukwa cha mwambo umenewu utaka wa ku Mbenje ndi wodziwika, pamene madoko ena akudandaula kuti nyanja yauma. Msodzi wosaleza mtima amaona miyezi yotsekayo ngati kutaya ndalama, koma ndi miyezi imeneyo imene imadzaza bwato lake. Mtima wa munthu wa geni umaponyedwa ukonde usana ndi usiku, pakuti ngakhale ali pa mphasa amakhala akuwerengabe ngongole. Mudziikire nthawi yotseka nyanja, kaya ndi Lamulungu masana kaya ndi ola limodzi madzulo, imene simuwerenga ndalama, simutsegula foni, ndiponso simukambirana ndi bambo za mavuto a pakhomo. Nkhawa idzagogoda ndithu, koma muziiuza kuti ibwere mawa m'mawa, nthawi yake ilipo.

Za kukula mu uzimu, ine muyeso wanga ndi wosiyana ndi umene ambiri amagwiritsa ntchito. Sindiyeza ndi misozi imene munthu wakhetsa pa mapemphero a usiku wonse, kapena kukweza kwa mawu ake popemphera, chifukwa zimenezo zimatha kuchitika Lachisanu usiku, Loweruka m'mawa munthu yemweyo n'kutukwana mwana wa mnansi pa mjigo. Zipatso za Mzimu zimene Paulo anatchulira Agalatiya, monga kuleza mtima, chifundo, kukhulupirika, chifatso ndi kudziletsa, pafupifupi zonse zimaoneka pamene pali munthu wina pafupi. Choncho dzifunseni mmene mumawayankhira bambo akabwerako kofuna ganyu chimanjamanja, podziwa kuti mwamuna amene ntchito yamuthera amakhala kale ndi manyazi omukwanira. Dzifunseni ngati mulu wa usipa umene mumaikira mwana wotumidwa ndi wofanana ndi umene mumaikira mayi wodziwa kunenerera. Ngati pa zinthu zotere muli bwinoko kusiyana ndi chaka chatha, mukukula, ngakhale mtima usakuuzeni choncho. Ndipo tiusipa tiwiri timene mungawonjezere pa mulu wa gogo amene ndalama yamuperewera tidzakuchitirani inuyo zambiri kuposa gogoyo, chifukwa munthu wopatsa amakumbuka kuti sanasanduke wopempha yekhayekha.

Mwanenanso kuti zinthu sizikusintha. Kuno kuli mtengo wa mkuyu umene David Livingstone anakhala pansi pake m'zaka za m'ma 1860 pokambirana ndi Jumbe, mfumu imene inkagulitsa anthu kuno, za kuleka malonda a akapolo. Malondawo sanaleke tsiku limenelo, ndipo Livingstone anamwalira mu 1873 akapolo akuwolotsedwabe nyanja. Malondawo anadzatha m'zaka za m'ma 1890. Ndikadutsa pa mtengowo ndimakumbuka kuti kalendala ya munthu ndi yaifupi, ndi kuti kusaona kusintha chaka chino sikutanthauza kuti palibe chimene chikuyenda.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachisiye, ngakhale ena sadzakondwa nacho. Ngati kulemera kwa mtimaku kwatha milungu yambiri ndipo tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, zimene munkakonda sizikukomaninso, kapena maganizo ofuna kudzichotsera moyo ayamba kukufikirani, pamenepo si nkhani ya pemphero lokha. Amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo ndi matenda ngati malungo kapena shuga, ali ndi chithandizo chake. Pitani ku chipatala cha boma mukafotokoze monga mwandifotokozera ine, ndipo ku Lilongwe kulinso a St John of God amene ntchito yawo ndi yomweyi. Kupita kumeneko si kunyoza Mulungu, monganso kumwa mankhwala a malungo si kumunyoza. Muwayang'anenso bambo ndi diso lomweli, popeza ife amuna tinaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndipo ambiri a ife timavutika chamumtima mpaka zinthu zitafika poipa.

Ku Chigwirizano musasiye, koma musapitenso ndi nkhope yobwereka. Simukuyenera kuulula za m'nyumba mwanu pa gulu lonse, chifukwa tonse tikudziwa mmene nkhani zimayendera zikatuluka pa khomo la tchalitchi. Sankhani mayi mmodzi wachikulire amene anaikapo mwana kapena mwamuna m'manda koma akuimbabe, mumuperekeze pobwerera kwawo, ndipo panjira mumuuze zimene mwandiuza ine. Amayi oterowo sathamangira kupereka vesi, amayamba afunsa ngati mwadya. Mukadzandilemberanso, mudzandiuze chimene anakuyankhani, ndiponso ngati bambo anavomera kukhala nanu pa khonde ola lija losawerenga ndalama.