Mpanda wotchinga phokoso la pa M1: yankho kwa mayi a ku Ngabu

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Ngabu omwe nyumba yawo ili m'mbali mwa msewu wa M1. Akuti tulo sakugona: malole opita ku Bangula ndi ku Nsanje amadutsa mpaka pakati pa usiku, kukamacha njinga zamoto za kabaza zayambapo. Akufuna kumanga mpanda wa njerwa wotalika mamita 3, ndiye akufunsa ngati phokosolo lingathe, komanso ngati boma limalola mpanda wotere.

Mayi, musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, pezani tepi muyeze kuchokera pakatikati pa msewu kufika pamene mukufuna kukumba maziko. M1 ndi msewu waukulu, ndipo malo ake ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Malo amenewo amayang'anira ndi a Roads Authority. Chimene mwamanga m'menemo akhoza kugwetsa popanda chipukuta misozi, ngakhale mutaonetsa kalata ya amfumu yoti malowo ndi anu. Zimandipweteka kuona makoma abwinobwino atapakidwa chizindikiro chofiira, eni ake atathera pomwepo ndalama za thonje za chaka chonse.

Mukatero pitani ku khonsolo ya Chikwawa, ku ofesi yoona za mapulani a malo. Chikhazikitsireni lamulo la Physical Planning Act la 2016, dziko lonse lili pansi pa ndondomeko ya mapulani, si mizinda yokha ayi, ndiye musamvere zoti kumudzi munthu amangomanga. Tengani kapepala kojambulapo puloti yanu, msewu, geti ndi kutalika kwa mpanda. Afunseni msinkhu umene amalola kumbali ya msewu, ndipo yankho akupatseni lolemba. Onaninso pamene padutsa mawaya a ESCOM ndi mapaipi a madzi, ndipo aneba anu akhalepo tsiku lokhoma zikhomo za malire.

Tsono za phokosolo. Mpanda umathandiza, koma phokoso sulithetsa. Khoma likangokwanira kukubisirani galimoto, loti mutaima pakhonde simukuiona, limachotsa madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) pafupifupi 5. Mita iliyonse yoonjezera pamwamba pake imangochotsa desibelo imodzi ndi theka. Kuti khutu limve ngati phokoso latsika ndi theka, pamafunika madesibelo 10. Mutha kuona nokha kuti mita yachitatuyo idzadya ndalama zambiri pa phindu lochepa. Kulira kwa njinga zamoto ndi kwa mateyala khoma limagwira bwino ndithu, koma kugunda kwa injini ya lole, kuja kumanjenjemeretsa mawindo, kumalumpha pamwamba n'kukupezani.

Pali chinanso cha kwathu kuno. M'malo ambiri msewuwu anaukweza chifukwa cha madzi osefukira, moti nyumba zimakhala m'munsi. Ngati kwanu kuli chomwecho, mpanda wa kumalire sungabise malole ngakhale utatalika chotani. Yesani kaye motchipa: imikani nsungwi ziwiri pamene mukufuna khoma, mangani chingwe pa mamita 2, mukaime pawindo la kuchipinda madzulo. Ngati malole akuonekera pamwamba pa chingwecho, khoma la pamenepo likupatsani zochepa. Pamenepo n'kwabwino kulisendeza pafupi ndi nyumba, litchinge bwalo lokhalapo ndi mawindo ogona.

Chimene chimapha mpanda wa phokoso ndi mipata. Phokoso lili ngati madzi, pomwe pali kabowo limalowa. Geti la zitsulo zotalikirana, mpata wa pansi pa geti, njerwa za maluwa zija amisiri amakonda kuika pamwamba, zonsezi zimabweza phokoso lomwe mwalipirira kuti lichoke. Geti likhale lotseka lonse, ndipo ngati n'kotheka liyang'ane kumbali osati kumsewu. Khomalo likhotere m'mbali zonse ziwiri za puloti, chifukwa lakutsogolo lokha phokoso limangolizungulira. Bango ndi tsekera zimabisa maso okha. Malata ndi opepuka, ndipo mphepo ikawomba amasanduka ng'oma. Mitengo ya nimu dzalani, mthunzi wake ndi fumbi lomwe imagwira n'zofunika, koma mzere umodzi wa mitengo suchepetsa phokoso.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa mpanda wa mamita 3 ku Ngabu umandiopsa. Dothi la makande limang'aluka m'chilimwe, mvula ikagwa limafufuma, ndipo khoma la maziko osaya limang'ambika zaka zisanapite patali. Onjezanipo mphepo ya mvula zoyamba ija imasasula madenga. Onjezaniponso madzi. Tonse tikukumbukira madzi osefukira a 2015, ndi anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Khoma lotseka likaima panjira ya madzi limasanduka damu, ndipo mapeto ake limagwa, kapena limakankhira madziwo m'nyumba ya aneba. Khoma lalitali likagwa, amene amakhala pansi pake ndi ana, poti ndiwo amasewera mumthunzi wake.

Ndiye mabowo otulutsira madzi m'munsi ndi ofunika, ngakhale ndanena kuti mipata ndi mdani. Aikeni m'makoma a m'mbali ndi akumbuyo, kutsata kumene madzi amalowera, kumsewu kukhale ochepa ndi aang'ono. Ngalande ya msewu ndi pakamwa pa kalavati musatsekepo.

Ndikanakhala ine, ndikanamanga mamita 2 kapena kupitirira pang'ono ngati khonsolo yalola, ndi mabuloko a simenti kapena njerwa zoyala ziwiriziwiri, maziko akuya okhala ndi zitsulo, zipilala pa mamita 3 aliwonse, pulasitala mbali zonse kuti timing'alu titsekeke. Mmisiri akhale woti anamangapo kale pa makande, ndipo mukaone ndi maso anu mpanda wake umene wapirira dzinja zingapo.

Musaiwale kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo ambirife timagona pabwalo kapena mawindo ali chitsegukire. Khoma lalitali lozungulira nyumba yonse limatseka kamphepo ka usiku, komanso limasunga kutentha kwa masana. Litalikitseni kumsewu kokha ndi m'makona mwake, kumbuyo likhale lalifupi. Ndalama zotsala pa mita yachitatu ija muikire siling'i kuchipinda chogona, popeza phokoso lambiri limalowera kudenga la malata, ndipo ngati nyumba ili ndi chipinda chakumbuyo, samutsirani bedi kumeneko lero lomwe, muone ngati tulo tibwera mpanda usanayambe n'komwe.