Kwa mtsikana wa ku Tsangano amene mtima uli pa unamwino

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa mtsikana wina wa ku Tsangano, m'boma la Ntcheu. Analemba MSCE chaka chatha n'kupeza mapointi 21. Biology anapeza 3, Chemistry 4, English 4, Physics 5, koma Mathematics 7. Bambo ake ndi mlimi wa mbatatesi ndipo alonjeza kugulitsa ng'ombe kuti mwana wawo ayambe sukulu ya unamwino. Mnzake wamuuza za sukulu ina ya m'tauni yomwe imatenga aliyense amene anamaliza folomu 4, maphunziro ake chaka chimodzi basi. Funso lake ndi ili: "Ndipite kumeneko kodi? Nanga anzathu fizi amaipeza bwanji, ndipo ndikamaliza ntchito ndidzaipeza?"

Achemwali, auzeni bambo kuti ng'ombeyo asaigulitse kaye.

Muno m'Malawi munthu sakhala namwino chifukwa cha pepala la sukulu. Amakhala namwino akalembedwa m'kaundula wa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene anamwino amangoti "Khonsolo". Khonsoloyi ndi imene imavomereza sukulu zophunzitsa unamwino ndi uzamba, imalemba maina a ophunzira akangoyamba, ndipo pamapeto imawalembetsa mayeso a laisensi. Sukulu ikakhala yosavomerezeka ndi Khonsolo, mayeso amenewo simungalembe, ndipo palibe chipatala cha boma kapena cha mishoni chimene chingakupatseni ntchito ya unamwino. Ndiye musanalipire ngakhale ya fomu, afunseni eni sukulu ya m'tauniyo kuti ophunzira awo amalemba mayeso a Khonsolo kapena ayi, kenako mukatsimikize nokha kulikulu la Khonsolo ku Lilongwe. Ndikunena izi ndi mtima wowawa, chifukwa amene amagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri ndi ana a alimi, omwe ndalama yawo inachoka m'dimba.

Njira zenizeni zilipo. Ya digiri ndi ya zaka 4, ndipo womaliza amakhala Registered Nurse Midwife. Malo odziwika kwambiri ndi Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba m'chaka cha 2021 pamene Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine anaziphatikiza, komanso Mzuzu University. Kumayunivesite a boma mumalowa kudzera pa masankho omwe amayendetsa bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, ndipo mpikisano wake ndi woopsa. Ndi mapointi 21 musaleke kuyesa, koma mtima wonse musauike pamenepo.

Njira imene ndikuona kuti ikukuyenerani ndi ya Nursing and Midwifery Technician, kapena kuti NMT, dipuloma ya zaka 3 yomwe imaphunzitsidwa kwambiri m'makoleji a mipingo omwe ali pansi pa CHAM, bungwe la zipatala ndi makoleji a zaumoyo a mipingo yachikhristu. Yapafupi ndi kwathu kuno ndi ya ku Nkhoma, mukakhotera pa Kamphata popita ku Lilongwe. Ina ndi St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission, Trinity ku Muona, Ekwendeni ndi St John's kumpoto. Palinso Malawi College of Health Sciences, ya boma. Anthu ena amaiderera NMT ati ndi ya otsala. Si zoona. Ambiri mwa anamwino amene amachiritsa amayi m'zipatala zing'onozing'ono za ku Dedza ndi Ntcheu ndi ma NMT, ndipo mukagwira ntchito zaka zingapo khomo limakhala lotsegula loti mubwerere kusukulu mukakweze maphunziro mpaka digiri, uku mukudziwa kale kukoma kwa malipiro.

Koma pali 7 uja wa masamu. Pa MSCE kirediti imathera pa 6, ndipo 7 ndi pasi chabe. Zolengeza zambiri za sukulu za unamwino zimafuna makirediti 6, kuphatikizapo English, Biology, maphunziro a sayansi ndi Mathematics. Masamuwo sawafunira mwambo chabe. Tsiku lina mudzaima pambali pa mwana wodwala malungo aakulu, mukuwerengetsa mlingo wa mankhwala malinga ndi kulemera kwake, kapena madontho a diripi pa mphindi. Malangizo anga ndi oti mulembetsenso mayeso ku MANEB, mukonze girediyo. Chaka chimodzi chimenechi n'chotchipa kuposa kuthamangira sukulu yokayikitsa chifukwa choti siifunsa za masamu.

Tsopano nkhani ya ndalama, yomwe ndi yolemera kuposa zonsezi. Mudzamva anamwino akuluakulu akunena kuti iwo anaphunzira osalipira zambiri. Akunena zoona. M'chaka cha 2004 boma, mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi Global Fund, linayambitsa ndondomeko yapadera yochulukitsa ogwira ntchito zaumoyo, ndipo ophunzira ambiri a m'makoleji a CHAM ankalipiriridwa. Thandizo lotere limabwera n'kupita malinga ndi thumba la boma ndi la mabungwe akunja, choncho inu muyambe poganiza kuti mudzadzilipirira, thandizo likabwera likupezeni muli m'kalasi.

Makomo ogogoda ndi awa. Mukasankhidwa kuyunivesite, kuli ngongole za bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2015. Ndi ngongole ndithu, mudzabweza mukayamba ntchito. Kuli bungwe la GAIA, limene lakhala likulipirira ophunzira unamwino ochokera m'mabanja ovutika, pa mgwirizano woti akamaliza akatumikire m'zipatala za muno kwa zaka zingapo. Kukhonsolo ya boma la Ntcheu funsani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, komanso za gawo la ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) lothandizira ophunzira. Kumpingo kwanu musachite manyazi kulankhula ndi abusa kapena abambo mfumu. Kulikonseko adzafuna kalata yosonyeza kuti sukulu yakutengani, kotero kalatayo ndiyo yoyamba kuisaka.

Chimene mabanja ambiri amaiwala n'chakuti fizi si yokhayo. Pali yunifolomu, nsapato, wotchi, ndalama zolembetsera ku Khonsolo, ndipo koposa zonse nthawi ya mapulakitiko, pamene amakutumizani kuchipatala chakutali kwa masabata angapo ndipo thiransipoti, chakudya, nthawi zina ndi nyumba, zimakhala zanu. Ng'ombe imodzi ikhoza kukulowetsani chaka choyamba. Funso loti mukhale pansi ndi bambo ndi mayi n'lakuti chaka chachiwiri ndi chachitatu zidzachokera kuti, makamaka chaka chimene mbatatesi yagwa mtengo pa Tsangano Turn-off kapena feteleza wakwera. Wosiyira panjira chifukwa cha fizi amataya zonse, ndalama ndi zaka zomwe.

Za ntchito sindikunamizani. Zipatala zathu zikusowa anamwino, koma anamwino ambiri omaliza maphunziro amakhala pakhomo kudikira, chifukwa boma limalemba ntchito pokhapokha ndalama za malipiro zikapezeka. Mukakhoza mayeso a laisensi mumayembekeza kuti Health Service Commission kapena Local Government Service Commission ilengeze mipata, mulembe kalata, mukaonekere ku intaviyu. Kudikiraku kukhoza kupitirira chaka. Pa nthawiyi manja asazizire. Ena amapeza ntchito m'zipatala za mishoni monga Mua, ena m'makiliniki a anthu wamba, ena amagwira lokamu, kulowa m'malo mwa anzawo pamene pali kuperewera. Mukavomera kuthandiza mongodzipereka, pemphani kalata yochokera kwa mkulu wa anamwino yonena miyezi imene mwagwira ndi wodi imene munali, chifukwa ndi imene idzakulankhulireni pa intaviyu. Lowaninso m'bungwe la anamwino la NONM, limene limamenyera ufulu wa anamwino pa nkhani za ntchito ndi malipiro.

Ndipo akadzakutumizani kuchipatala chakumudzi, musakaone ngati chilango. Kumeneko usiku mukhoza kukhala nokha mu leba wodi, mayi akutaya magazi, ambulansi ili kuboma. Kuno kumalire mudzalandiranso odwala ochokera ku Mozambique. N'chifukwa chake pa nthawi ya mapulakitiko muzikakamira pafupi ndi azamba akale, muzifunsa, muzigwira ndi manja anu, osangothamangira kusainitsa buku losonyeza ntchito zomwe mwagwira.

Pakadali pano, pitani kusukulu yanu yakale mukafunse tsiku lotsekera kulembetsa mayeso a MSCE, ndipo mupeze mphunzitsi wa masamu woti azikuthandizani madzulo. Mukadzaona zolengeza za makoleji m'nyuzi, nditumizireni tidzaziwerenge limodzi musanatumize ndalama kulikonse.