Yankho kwa mnzathu wa ku Ndirande: prime yaing'ono kwambiri yogawa nambala yaikulu

Wophunzira wina wa Fomu 4 wa ku Ndirande wanditumizira imelo. Akuti aphunzitsi awapatsa 7^50 + 11^30 kuti apeze prime yaing'ono kwambiri imene ingagawe nambalayo popanda chotsala. (Prime ndi nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, ndipo 7^50 ikutanthauza ma 7 okwana 50 ochulukitsidwa pamodzi.) Calculator yake yangomupatsa nambala yodukizadukiza, ndiye akufunsa kuti ayambire pati.

M'bale wanga, calculator iikeni pambali kaye. Nambala yosagawika ndi 2 mukaichulukitsa yokha, kaya ka 50 kaya ka 1,000, imakhalabe yosagawika ndi 2. Choncho 7^50 ndi 11^30 zonse zimasiya chotsala 1 mukazigawa ndi 2. Mukaziphatikiza, zotsala ziwirizo zimapanga 2, ndiye zonse pamodzi zagawika. Yankho ndi 2, ndipo palibe prime yochepera pamenepo. Funsoli limayesa ngati mumayang'ana mmene nambala yapangidwira musanayambe kugawa.

Nanga 2 akakana? Yesani 3 pophatikiza manambala ake onse: 5,271 imapereka 15, ndipo 15 amagawika ndi 3. Kenako 5, 7, 11, 13, motsatana, osalumpha, poti tikufuna yaing'ono kwambiri.

Pamene ambiri amataya nthawi ndi posadziwa polekezera. Nambala ikakhala kuti si prime, prime yake yaing'ono siyingapitirire square root yake, ndiye kuti nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yokha mumapeza nambala ija. Chifukwa chake n'chosavuta: nambala yotere imapangidwa pochulukitsa manambala awiri, ndipo onse awiri akaposa square root, mukawachulukitsa adutsa nambala ija. Tengani 2,021. Popeza 45 × 45 ndi 2,025, simufunika kupitirira 43, prime yomaliza musanafike pa 45. Komanso taonani bwino: 2,021 ndi 2,025 kuchotsa 4, kutanthauza (45 − 2) × (45 + 2), yomwe ndi 43 × 47. Mwapeza 43 osagawa ngakhale kamodzi. Ine njira imeneyi ndimaikonda kwambiri, ndipo ndimalakalaka aphunzitsi athu akanamaionetsa msanga m'kalasi.

Nkhaniyi idazunguzapo ngakhale akatswiri. Pierre de Fermat ankakhulupirira kuti 2^32 + 1, yomwe ndi 4,294,967,297, ndi prime. Mu 1732 Leonhard Euler adaonetsa kuti si choncho. Pambuyo pake adatsimikiziranso kuti prime iliyonse yogawa nambala imeneyi iyenera kusiya chotsala 1 ikagawidwa ndi 64. Lamulo limenelo limachotsa pafupifupi ma prime onse aang'ono. Otsala oyesa ndi 193, 257, 449, 577, kenako 641, ndipo wachisanuyu ndiye amagawa ndendende: 641 × 6,700,417. Chulukitsani papepala madzulo ano, muone 4,294,967,297 ikutuluka ndi dzanja lanu.