Za phanga ndi nyali zija, ndiyankheko ine wa ku Likhubula

Madamu mwafunsa ngati kuno ku Mulanje kuli phanga loti gulu nkulowamo ndi nyali gaidi ali patsogolo, ngati pa vidiyo ya Mammoth Cave mwaikayo, poti mukufuna kubwera ndi ana anu a Fomu 3 kuchokera ku Thyolo. Ndiyankheko ine. Kwathu nkomweku mmunsi mwa phiri mbali ya Likhubula, ndipo ndisanapite ku Joni ndinanyamulapo zikwama za alendo zaka zingapo ndithu. Ndilemba zambiri, mundipirire.

Ndiyambe nkukukhumudwitsani, phanga la mtundu umenewo kuno kulibe. Ndaona ena mmakomentimu akuti alipo kungoti boma silisamala, ayi abale apa boma tilisiyeko kaye, nkhani yake ndi mwala. Mapanga ataliatali aja amapangika mmiyala ya laimu, ngati ija ankakumba ku Changalume ku Zomba popanga simenti. Madzi amvula akamalowa mming'alu amaudya mwalawo pang'onopang'ono zaka zikwizikwi mpaka pansi pamatsala njira ngati mauna a mbewa koma oti ena minibasi nkulowamo. Mammoth imeneyo ili ku Kentucky ndipo njira zake zomwe anayeza zikupitirira makilomita 600, ndiye kuti kuchoka Blantyre kukafika Lilongwe nkubwerera, koma pansi pa nthaka. Pomwe phiri lathuli ndi thanthwe louma gwa, granite ndi syenite, madzi salidya chonchija. Mapanga athu ndi mipata yotsala pamene zimiyala zikuluzikulu zinagudubuzika nkusanjikizana, kapena pamene thanthwe lapendekeka nkupanga khonde. Ena ngoti anthu khumi nkubisalamo mvula, ena ngokwawa ndi mimba, koma zoti muyende maola atatu muli pansi ngati anthu a mu vidiyo aja, iyayi.

Ndipo nyali akunyamulazo sikuti Escom yawo yawathimitsira, mbali zina za phangalo zili ndi magetsi. Amachita dala kuti mlendo aone mmene ankaonera anthu a m'ma 1800, nthawi imene ambiri otsogolera alendo mmenemo anali akapolo. Wotchuka kwambiri anali Stephen Bishop, ndi amene anatulukira njira zambiri mpaka kujambula mapu ake. Kudenga kwa phangalo kukadali mayina a alendo akalekale olembedwa ndi mwaye wa kandulo. Mu 1842 dokotala wina, John Croghan, anafika poika odwala TB mtinyumba mkati momwemo poganiza kuti mpweya wake uwachiza, ena anafera momo nkhaniyo inathera pompo. Ana anu zimenezi angazikonde kuposa kungoonerera anthu akuyenda mumdima.

Ineyo phanga lenileni ndinalowa kamodzi, Sudwala, kufupi ndi Nelspruit, abwana omwe ndinkawagwirira ntchito anatitenga. Kunja kukutentha koma mkati kozizira bwinobwino ngati mmtsuko, madzi ali tho tho tho kudontha, miyala yolendewera kudenga ina yophuka pansi, gaidi nkumati musakhudze, kakang'ono ngati chala kameneka katenga zaka zoposa za agogo anu. Pena pake anatiuza tiime, nkuthimitsa zonse. Madamu, mdima mumaudziwa inu wa usiku wopanda mwezi ndi masewera. Ndinaika dzanja pamphuno penipeni osaliona, maso ali tong'o koma ngati ndatsinzina, mwana wa abwana anandigwira malaya ine nanenso ndikufuna woti ndimugwire.

Koma mdima umenewo sikanali koyamba kukumana nawo. Tili ana ine ndi msuweni wanga tinaba koloboyi wa amayi, kaja ka chitini ndi chingwe cha nsanza, nkukalowa mkaphanga kena kumtunda kwa minda komwe akuluakulu ankasakako mbira. Polowera pake mpongokwana mapewa. Tinakwawa mwina mamita khumi, fungo loipa ngati khola la nkhuku losasesa, pansi pofewa, kumene zinali ndowe za mileme ife osadziwa. Msuweni atangokweza koloboyi uja kuti tione kudenga, denga lonse linayamba kuyenda. Mileme! Inatipitira kumaso pha pha pha, mphepo ya mapiko ake nyali ija zii. Machesi tinasiya panja pamwala kuti asanyowe, nzeru za ana. Potuluka aliyense ankalozera kwake, iye akuti uku ine ndikuti uku, mpaka tinangokhala chete nkumva kamphepo kakuomba patsaya, nkutsata komweko. Chipsera cha pachipumi ndili nacho mpaka pano, ndipo chikwapu cha parafini wotayika chinabwera padera madzulo ake.

Nde ndikamaona anthu akusirira nyali ndimaseka. Kukoma imakoma inde, kuwala kwake nkofewa, kumazungulira mbali zonse, zithunzithunzi zikuvina pamwala, tochi ija imangobaya malo amodzi ngati wapolisi. Koma nyali ndi ya phanga loti pansi anakonza, poyenda choimirira. Kunoko manja onse awiri amafunika pogwira mwala, tochi yapamutu ndiyo yake, ina yapadera mthumba. Tochi ya foni musaidalire, ana amakhala atamaliza batire ndi zithunzi asanafike nkomwe. Komanso kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa udzu umakhala wouma kuti gwa, galasi likangosweka parafini nkutayika mwayatsa phiri, ndipo moto ndi umodzi mwa adani omwe atha mkungudza wathu uja, pambali pa macheka. Gaidi wanzeru sangakuloleni.

Malo amene munthu amakwawadi pansi pa miyala ndi njira ya ku Sapitwa, pamwamba penipeni paja pa mamita 3,002. Mumagona pa Chisepo hut nkulawira kudakali mdima, ndipo kumtundako pali pena poti chikwama mumavula nkuchikankha patsogolo inu nkumatsatira chokwawa, thanthwe likukhudza msana. Kumeneko ana a sukulu ayi, ndanena ndanena. Ngakhale akuluakulu, popanda gaidi musayerekeze. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anamusiya womutsogolera nkupitiriza yekha, anakamupeza patatha masabata atamwalira. Anthu amathamangira kunena mizimu. Ine za mizimu sinditsutsa, ndinakula nazo, agogo ankatiuza kuti ukapeza nthochi zakupsa kapena chakudya mphirimo idya wekha osaitana mnzako, ndipo mpaka lero ndikamadutsa malo ena ndimatsitsa mawu. Koma chimene ndinachiona ndi maso anga ndi chiperoni. Kumwamba kuli mbee, mphindi zochepa nkhungu yatseka, mnzako ali apa osamuona, miyala yonse yafanana ndipo yayamba kuterera, kuzizira kolowa mmafupa. Gaidi ntchito yake ndi imeneyo, amadziwa mwala uti ndi uti ngakhale osaona patali, ndipo amadziwa nthawi yoti tibwerere pomwe inu mukuumirira kuti tatsala pang'ono.

Mukandifunsa ine chochita ndi anawo, bwerani mmawa, pa Chitakale mukhotere msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula, pa ofesi ya zankhalango mupezapo magaidi odziwika. Mtengo mugwirizane musananyamuke, osati mutafika kale kumtunda, ndipo musatenge aliyense wokuthamangirani pamsewu. Akutengereni ku Dziwe la Nkhalamba, ndi ulendo wa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono malinga ndi miyendo ya ana. Mnjiramo muuzeni gaidi kuti mukufuna ana aone mipata ya pansi pa miyala, akuonetsani yoti nkusuzumira ndi tochi bwinobwino, iye ayambe walowa kuona ngati mulibe njoka kapena njuchi. Mokhala mileme yambiri asalowe, fumbi la ndowe zake limatha kudwalitsa mapapo, ife tinangopulumuka mwamwayi. Pa dziwepo muwagwire anawo, madzi ake ngozizira koopsa ndipo ndi pozama, anthu anamirapo. Nyengo ya mvula musabwere nkomwe, mitsinje ya mphiri imadzaza mosachenjeza, tonse tikukumbuka zimene Freddy anatichita mu Malichi 2023.

Ngati cholinga chenicheni ndi phanga lokhala ndi choti ana aphunzire, sungani ndalama ya basi mupite ku Dedza, ku Chongoni. Kuli malo 127 a zojambula pamiyala, UNESCO inawazindikira mu 2006, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Nakonso ndi makonde a miyala, dzuwa limafika, nyali siifunika. Phiri lathuli nalo analilemba mkaundula yemweyo mu 2025, makamaka chifukwa cha miyambo ndi mizimu yomweyi, nde mukabwera anawo asamakuwe kapena kutaya mapepala a masiwiti paliponse.

Chinanso, muwauze za nsapato. Chaka chatha ndinakumana ndi gulu lina la sukulu pa njira ya ku dziwe, atsikana theka atavala masilipasi, pobwerera aphunzitsi aamuna ananyamula nsapato zoduka mmanja ngati akukagulitsa pa Chitakale.