Ndiphunzire chiyani kuti ndikhale gaidi wa mapiri a ayezi?

Makalata awiri andipeza sabata imodzi, onse ochokera nyumba imodzi kufupi ndi Likhubula ku Mulanje. Yoyamba ndi ya mnyamata wa Fomu 4. Pa holide amasenza katundu wa alendo kukwera naye ku Chambe ndi ku Chisepo, ndipo pa Sapitwa wapondapo kale kangapo. Mlendo wina anamuonetsa pa foni zithunzi za anthu omangana chingwe m'chiuno akuyenda pa ayezi ku Rwenzori, tulo n'kumuthera. Akufunsa kuti: "Ndiphunzire chiyani kuti ndidzakhale gaidi wa mapiri ngati amenewo? Nanga MSCE ili ndi ntchito yanji pamenepa?" Yachiwiri ndi ya mayi ake, ndipo ndi yaifupi: "Aphunzitsi, ndiuzeni zoona. Imeneyi ndi ntchito kapena ndi kukasaka imfa kutali?"

Ndiyamba ndi iwe, mwana wanga. Mayi, mukhale pafupi, pakuti zambiri mwa izi ndi zanunso.

Sapitwa ndi mamita 3,002. Kumazizira, mu Juni ndi Julayi udzu umagwa chisanu m'mawa, koma ayezi wokhalitsa kulibe. Mu Africa yense, mapiri amene akadali ndi ayezi wosasungunuka chaka chonse ndi atatu: Kilimanjaro ku Tanzania, mamita 5,895, Mount Kenya, amene nsonga yake ya Batian ndi mamita 5,199, ndi Rwenzori pa malire a Uganda ndi DRC, kumene nsonga ya Margherita imafika mamita 5,109. Ayezi ameneyu si ngati uja wa mu firiji. Ndi chipale chimene chinagwa zaka mazanamazana, n'kupanikizana mpaka kulimba ngati mwala, ndipo chimasefukira kunsi pang'onopang'ono ngati phala lolimba pa mbale yopendekeka. Pamene chikuyenda chimang'ambika. Ming'alu ina ndi yakuya kuposa nyumba zosanja za mu Blantyre, ndipo pamwamba pake pamakhala pataphimbika ndi chipale chatsopano, moti ndi maso umangoona poyera posalala. N'chifukwa chake anthu a pa chithunzi chija anamangana chingwe. Wina akabooleza pansi, anzake amugwire.

Tsono miyendo uli nayo, sindikukayika. Koma miyendo ndi imene imakulembetsa upotala basi. Chimene mlendo amalipirira gaidi ndi china: munthu wodziwa nthawi yonena kuti "tibwerere," n'kuumirira mawu akewo pamaso pa munthu amene wawononga ndalama zambiri, wabwera pa ndege, ndipo nsonga akuiona ili apo. Uli wamng'ono kwa iye, ndiwe wosauka kwa iye, mwina tipi yako ili m'thumba mwake. Apo ndiye pamene ntchito yagona. Pa Everest mu Meyi 1996 anthu asanu ndi atatu anafa ndi mkuntho umodzi, ena mwa iwo magaidi odziwika, ndipo china chimene chinawapweteka n'chakuti nthawi yoti atembenuke inakwana iwo akukwerabe. Usapite kutali: kwanu komweko mu 2009 mlendo wa ku Brazil anasiya gaidi wake n'kupitiriza yekha ku Sapitwa, nyengo inatembenuka, ndipo mtembo wake unapezeka patatha masabata oposa awiri. Akuluakulu a ku Likhubula nkhaniyi amaidziwa bwino kuposa ine. Akakuuza za mizimu ya m'phirimo uwamvere mwaulemu, koma uwafunsenso kuti chiperoni chikamabwera amachionera pati, mphepo ikuchokera kuti, mitambo ikukhala bwanji pa Chambe. Ameneyo ndiye phunziro lako loyamba la zanyengo, ndipo ndi laulere.

Pa ayezi nkhani ya nyengo imakula kuposa apo, chifukwa kutentha kumasintha nthaka yeniyeni imene ukupondayo. Magaidi a ku Alps, mapiri aatali a ku Ulaya, amadzutsa alendo awo cha m'ma 2 koloko usiku osati chifukwa chokonda mdima. Usiku chipale chophimba ming'alu chimauma n'kulimba ngati mlatho. Dzuwa likakwera chimafewa, ndipo miyala imene ayezi anaigwira ngati simenti imayamba kugubuduka. Kale gaidi ankadalira kuti usiku kuzizira ndithu. Masiku ano sizilinso choncho. Mu Ogasiti 2023 a zanyengo ku Switzerland anapeza kuti mpweya wozizira mokwana kuumitsa madzi unali pa mamita 5,298, pamwamba pa nsonga iliyonse ya ku Alps, kuphatikizapo Mont Blanc. Tanthauzo lake n'lakuti phiri lonse linali kusungunuka, usiku womwe. M'zaka ziwiri zokha, 2022 ndi 2023, Switzerland inataya gawo limodzi mwa magawo khumi a ayezi wake yense. Pa 3 Julayi 2022 chibenthu chachikulu cha ayezi chinagumuka pa Marmolada ku Italy n'kupha anthu 11 amene anali pa njira yodziwika, ena ali ndi magaidi awo. Chilimwe chomwecho magaidi ambiri anasiya kaye kukwera ndi alendo pa Mont Blanc kudzera njira ya Goûter chifukwa miyala inkangogwa. Taganizira: nyengo ya ntchito ili pachimake, alendo alipo, koma iwe ukubweza ndalama.

Kuno kwathu ku Africa n'chimodzimodzi. Kuyambira 1912, Kilimanjaro wataya ayezi wopitirira magawo 80 pa 100 alionse. Mu Januwale 2006 miyala inagumuka pa njira ya Western Breach n'kupha alendo atatu a ku America, njirayo n'kutsekedwa kwa nthawi. Ayezi wa Lewis pa Mount Kenya wangotsala kachigamba. Bungwe la zanyengo la dziko lonse, WMO, linachenjeza mu 2021 kuti zikapitirira chonchi, ayezi wa mapiri atatu onse aja adzakhala atatha cha m'ma 2040. Iwe nthawi imeneyo udzakhala ndi zaka makumi atatu ndi zingapo, pakatikati pa ntchito yako. Ndiye usamange moyo wako pa ayezi yekha. Umange pa luso lowerenga phiri limene likusintha, chifukwa limenelo lidzafunika ayezi akadzatha, ndipo likufunika kale ku Mulanje. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri lanulo kutsikira m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe. Unali komweko, sindikufunika kukufotokozera.

Tibwere ku funso lako la MSCE, limene ndaliona kuti walifunsa ngati munthu amene yankho wadzipatsa kale. Usaisiye. Jogalafe ndi mapu, kampasi ndi nyengo. Fizikisi ikuuza chifukwa chake kumazizira pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene wakwera, ndi chifukwa chake chingwe ndi tiziwiya tochepa zimatha kutulutsa munthu wolemera m'mng'alu. Bayoloje ndiye yaikulu, chifukwa chimene chimapha anthu ambiri pa Kilimanjaro si ayezi koma kuchepa kwa mpweya. Pa nsonga paja mpweya umene umakoka umakhala pafupifupi theka la wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Kupitirira mamita 2,500 munthu amatha kuyamba mutu, nseru ndi kusowa tulo. Zikakula madzi amadzaza m'mapapo kapena ubongo umatupa, munthu n'kumayenda ngati woledzera, n'kumakana kuti sakudwala. Mankhwala ake oyamba ndi kutsika, nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Gaidi wosadziwa izi amamulimbikitsa mlendo kuti "limbani mtima, tatsala pang'ono," n'kumupha ndi mtima wabwino. Chingerezi usachiseweretse, pakuti popanda kiredi yake, pamodzi ndi ena asanu, ku yunivesite ya boma sukalowa, ndipo pa phiri munthu wamantha uyenera kumulankhula momveka. Chiswahili uyambe kuchitola panopa.

Ukamaliza, njira za kuno kwathu ndi izi. Malawi Institute of Tourism imaphunzitsa zokopa alendo, Mzuzu University ili ndi madigiri a zomwezo, ku Dedza kuli koleji ya zankhalango ndi zanyama, ndipo ku MUST ku Thyolo, kumene phiri lako ukuliona pafupi, kuli digiri ya zanyengo. Ine ndikanakhala iwe ndikanayang'ana kwambiri yomalizayi, ngati mapointi alola. Palibe mwa masukulu amenewa imene idzakuike pa ayezi, koma iliyonse idzakupatsa pepala lodyera pa miyezi ya mvula pamene alendo kulibe. Chithandizo choyamba ukaphunzire ku Red Cross kapena St John, ndipo ukadzapeza mpata wa kosi yotchedwa Wilderness First Responder, ya masiku pafupifupi khumi, usaiphonye. Makampani a maulendo a m'mapiri amaiwerengera kwambiri. Ukhale wodziwika kwa a zankhalango pa Likhubula ndi ku bungwe la magaidi ndi mapotala, udziphatikenso kwa a Mountain Club of Malawi, chifukwa kumeneko n'kumene ungakumane ndi anthu okwera ndi zingwe. Mwayi wina uli pakhomo pako: khoma la kumadzulo la Chambe, lotalika mamita pafupifupi 1,700, ndi limodzi mwa makoma a mwala aatali kwambiri mu Africa. Anthu amachoka kunja kudzalikwera. Wodziwa mfundo za chingwe ndi kugwira mnzake pa mwala wapita kale theka la ulendo wa ku ayezi.

Koma ndisakunamize za kunjako. Pa Kilimanjaro lamulo silola mlendo kukwera popanda gaidi wa layisensi, ndipo ntchito imeneyo ndi ya eni dziko. Ku Rwenzori ndi ya Abakonzo amene phirilo ndi lawo, monga Mulanje alili wanu. Sungapite kukawalanda. Ungapite ngati mtsogoleri wa gulu lochokera ku Malawi kapena ku South Africa, kumagwira limodzi ndi magaidi a komweko, ndipo ulendo umodzi wa ku Margherita, utavala zitsulo zamano zotchedwa crampons ku nsapato, udzakuphunzitsa zimene zithunzi sizinganene. Pepala lapamwamba kwambiri pa ntchitoyi ndi la IFMGA, chitaganya cha mabungwe a magaidi chimene chinayambika mu 1965 ndi magaidi a ku France, Italy, Switzerland ndi Austria. Malawi sali m'menemo. Kuti ulandiridwe n'komwe pa maphunziro awo uyenera kuonetsa mndandanda wa maulendo ovuta amene unakwera pa mwala ndi pa ayezi kwa zaka zingapo, m'mayiko ambiri uyeneranso kudziwa kutsetsereka pa chipale ndi ma ski, kenako maphunzirowo amatenga zaka zitatu kapena kupitirira, ndi ndalama zakunja. Si zosatheka. Sibusiso Vilane anali mlonda wa nyama zakutchire ku Swaziland asanafike pa nsonga ya Everest mu Meyi 2003, munthu wakuda woyamba wa mu Africa kutero. Saray Khumalo, wobadwira ku Zambia, anafika pa nsonga yomweyo mu Meyi 2019 atabwerera panjira katatu: mu 2014 chigumukire cha ayezi chitapha antchito 16 a ku Nepal pa ayezi wa Khumbu, pa njira yokwerera Everest, mu 2015 chivomezi chitagwedeza dzikolo, ndi mu 2017 nyengo itamukaniza ali pafupi ndi nsonga. Kubwerera kutatuko ndi kumene ndikufuna ukuone, chifukwa akanaumirira bwenzi 2019 asanaione.

Tsopano mayi. Mwandifunsa zoona, ndikupatsani. Ngozi ilipo, ndipo imagwera kwambiri osenza katundu kuposa olipira. Anthu 16 aja a pa Khumbu anali pa ntchito, akukonzera alendo njira m'bandakucha. Pa Kilimanjaro mapotala ena afa ndi kuzizira chifukwa chokwera opanda zovala zoyenera, mpaka panabadwa bungwe la KPAP loona za umoyo wawo, ndipo katundu wa potala anamuikira malire a makilogalamu 20. Ndalama yake ndi ya nyengo, ngati ya fodya: miyezi ina ilipo, ina mulibe, ndipo bondo likathyoka palibe penshoni. Koma sindikuuzani kuti mumuletse. Mwana amene mwamuletsa amapita mobisa, ndi nsapato zong'ambika, ndi aliyense amene wamuitana. Ine ndikanati mupangane naye poyera: mayeso ayambe alemba, holide akwere, ndipo pa ndalama iliyonse ya upotala apatulepo ya jekete losalowa madzi ndi nsapato zabwino asanaganize za foni yatsopano. Tsiku lina kampani ikadzamuitana ulendo wa kunja, mudzaifunse inuyo mafunso atatu musanamulole: inshuwalansi ya ngozi ilipo ndipo dzina lake lilimo? Zovala ndi zida apereka ndani? Nanga akanena kuti gulu libwerere chifukwa cha nyengo, malipiro ake adulidwa? Kampani ikayamba kuzembazemba pa funso lachitatuli, mwana wanu asakwere nayo.

Iwe mnyamata, ugule kope la chikuto cholimba, ulikulunge m'jumbo. Ulendo uliwonse ulembe tsiku, njira, maola, kuchuluka kwa anthu, mmene kunachera, zimene a zanyengo analosera pa wailesi ndi zimene zinachitikadi pamwamba. Ulembenso maulendo amene munabwerera panjira, ndi amene ananena kuti mubwerere, ndi chimene anaona. Gaidi wamkulu wa ulendowo asainire m'munsi. Masukulu a magaidi kunja amayamba kufunsa kope limeneli asanafunse china chilichonse, ndipo silingalembedwe usiku umodzi ngati notsi za mayeso. Zotsatira za MSCE zikatuluka undilemberenso, unditumizire mapointi ako pamodzi ndi chithunzi cha masamba oyamba a kopelo, tidzaone kuti fomu yoyamba tidzaze ya sukulu iti.