Kodi makirediti a kaboni angafafanize utsi wa galimoto yanu?

Wowerenga wina watitumizira imelo. Akuti amayendetsa galimoto tsiku lililonse, nthawi zina amakwera ndege, ndipo akufuna kudziwa ngati kugula makirediti a kaboni (kulipirira ntchito zochepetsa mpweya woipa kwinakwake) n'kokwanira kubweza mpweya woipa umene amatulutsa.

Paokha sangakwanire. Muyambe mwawerengera kaye. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a carbon dioxide, ya dizilo pafupifupi 2.7. Mukamathira malita 100 a petulo pamwezi, pachaka mwatulutsa matani oposa 2.7. Ulendo wa pandege wochoka ku London kupita ku New York n'kubwerako umawonjezera pafupifupi tani imodzi pa munthu mmodzi. Pamenepa ndi pamene muyenera kudula: maulendo ang'onoang'ono muwaphatikize, matayala akhale opopa bwino, kuntchito muzikwera limodzi ndi anzanu, ndipo ulendo wa pandege wosakakamiza muusiye. Kuchepetsa nyama ya ng'ombe kumathandizanso, chifukwa ng'ombe zimabzikula n'kumageya mpweya wa methane, womwenso umatenthetsa dziko.

Tsono za makirediti. Kirediti imodzi imaimira tani imodzi ya carbon dioxide yomwe akuti yapewedwa kapena yachotsedwa mumlengalenga kwinakwake. Mpweya wa galimoto yanu watuluka kale, ndipo gawo lake lidzakhala mumlengalenga zaka mazanamazana, pamene kirediti ndi lonjezo la munthu wina basi.

Lonjezoli limalephera m'njira zingapo. Ngati nkhalango imene mukulipirira kuti isadulidwe panalibe amene ankafuna kuidula, ndalama zanu sizinasinthe kanthu. Mu 2023 nyuzipepala za The Guardian ndi Die Zeit zinalemba kuti makirediti ambiri a nkhalango ovomerezedwa ndi bungwe la Verra anali otere, ngakhale Verra inatsutsa. Kwina odula mitengo amangosamukira kunkhalango yoyandikana. Ndiye pali moto: mu 2021 moto wolusa wotchedwa Bootleg ku Oregon, m'dziko la America, unatentha mbali ina ya nkhalango yomwe inali itagulitsidwa kale ngati makirediti, kaboni wa m'mitengo yopsayo n'kubwerera mumlengalenga. Mbande yobzala lero nayonso imatenga zaka zambiri isanasunge tani imene mwalipira, ngati ingakule n'komwe.

Makirediti muwagulire mpweya wotsala wokhawokha, umene mwalephereratu kuupewa. Wogulitsa akupatseni nambala ya kirediti iliyonse, mukaifufuze nokha m'kaundula wa bungwe lovomereza makirediti la Gold Standard kapena wa Verra pa intaneti, ndipo muonetsetse kuti yalembedwa kuti yachotsedwa pamsika m'dzina lanu. Kupanda kutero ikhoza kugulitsidwanso kwa wina. Ife timakonda ntchito zimene zotsatira zake zimayezeka ndi mita, monga kukola methane wochokera kumalo otayira zinyalala, kusiyana ndi zodalira kuyerekeza zomwe zikanachitika. Mtengo wa kirediti ukatsika kwambiri, funsani chaka chimene kireditiyo inatuluka, chifukwa zotchipa zambiri ndi zakale zimene zinasowa ogula.